HMS Shah ndi kusaka kwa U-198 panyanja ya Indian

HMS Shah inali sitima yankhondo yonyamula ndege, ya mtundu waung'ono womwe ntchito yake inali kuperekeza sitima zamalonda ndi za asilikali pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Inapangidwa ku Tacoma m'dziko la America ndipo mu 1943 inaperekedwa kwa asilikali apamadzi a Britain. Thunthu lake linali la sitima yakatundu, koma pamwamba anayalapo bwalo lalitali pomwe ndege zinkanyamukira ndi kutera. Liwiro inalibe, chitetezo chake chinalinso chochepa. Ubwino wake unali woti inali yotsika mtengo ndipo sinkatenga nthawi kupanga.

Ngakhale Nyasaland inalibe gombe la nyanja yamchere, nkhondo ya pamadziyi inkakhudza mpaka midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Fodya wa chikopa wolimidwa m'chigawo chapakati ankatuluka m'dziko panjanji, yomwe inafika ku Salima mu 1935, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana mpaka kudoko la Beira. Anyamata olembedwa usilikali wa King's African Rifles, womwe ambiri ankautchula kuti Keyala, nawonso ankakwera sitima ku Mombasa popita ku Ceylon ndi ku Burma. Njira zonsezi zinkadutsa m'madzi momwe sitima zoyenda pansi pa nyanja za Germany ndi Japan zinkabisalira. Pa 12 February 1944, sitima ya Japan yotchedwa I-27 inamiza Khedive Ismail, yomwe inachokera ku Mombasa itadzaza asilikali a kum'mawa kwa Africa, ndipo anthu 1,297 anafa.

Sitima zapansi pa madzi za nthawiyo zinali ndi chilema chimodzi chachikulu. Zikamira zinkayendera mabatire, pang'onopang'ono kwambiri, ndipo zinkayenera kuvuuka kuti injini za dizilo zitchajenso mabatirewo. Ndege ikaoneka m'mwamba, woyendetsa ankakakamizika kumira msanga, n'kutaya liwiro komanso mwayi wofika pa sitima zomwe ankazifuna. Koma ndege zochokera kumtunda sizinkafika pakati penipeni pa nyanja. Mpata umenewu ndi womwe sitima ngati Shah zinadzatseka.

Mu August 1944, sitima ya Germany yotchedwa U-198 inamiza Empire City kumpoto kwa gombe la Mozambique pa 6, ndipo tsiku lotsatira inamizanso Empire Day chakum'mawa kwa Dar es Salaam. Shah ndi inzake HMS Begum, pamodzi ndi sitima zing'onozing'ono zowaperekeza, zinatumizidwa kukasaka. Ndege za mtundu wa Avenger zinkauluka mosinthana, oyendetsa maso ali pamadzi, kufunafuna kamzere koyera ka thovu komwe sitima imasiya ikamayenda pamwamba. Pa 10 August ndege ya pa Shah inaiona U-198, koma inamira isanaponyeredwe kanthu. Pa 12 anaipezanso n'kuiponyera mabomba, ndipo malo omwe inamirira anadziwika.

Otsiriza ntchito anali HMS Findhorn ndi sitima ya India yotchedwa Godavari. Godavari inamumva mdaniyo ndi makina omvera pansi pa madzi n'kumamulondola, Findhorn n'kuponya mabomba omwe amaphulika pokhapokha akagunda chitsulo. U-198 inathera pomwepo kufupi ndi zilumba za Seychelles, ndipo mwa anthu 66 omwe analimo palibe anapulumuka. Mbiri nthawi zambiri imatamanda woombera komaliza, koma kukanakhala kopanda ndege zija, a Findhorn sakanadziwa kosaka panyanja yaikulu chonchija.

Nkhondo itatha, Shah inabwezedwa ku America, kenako inagulitsidwa n'kukonzedwa kukhala sitima yonyamula anthu yotchedwa Salta. Inagwira ntchito pakati pa Ulaya ndi Argentina, ndipo anaiphwasula mu 1966.