Kakompyuta kakatentha sikapsa, kamangochita ulesi

Raspberry Pi 4 itatuluka mu Juni 2019, okonda kuseweretsa zipangizo zamagetsi anaithamangira. Kakompyuta ka madola 35, kokula ngati khadi la ku banki, koma kotha kuonetsa zithunzi pa masikirini awiri nthawi imodzi. Chisangalalocho sichinachedwe kusakanikirana ndi dandaulo: kakutentha kwambiri. Amene anakatsekera m'bokosi lake la pulasitiki lofiira ndi loyera, lopanda fani, ndiwo anadandaula koposa, chifukwa akangokapatsa ntchito yolemera, liwiro linkatsika.

Kutsika kwa liwiroko si kuwonongeka. Akatswiri a ku Cambridge, ku Britain, amene amakonza makompyutawa kuyambira mu 2012, anachita kufuna kuti zizitero. Purosesa ikafika pa madigiri 80, imayamba kudzichepetsera liwiro yokha, ndipo ikafika pa 85 imalichepetsa kwambiri mpaka itazizirako. Pi 3B+ ya mu 2018 inali yosamala kuposa apo: pa madigiri 60 okha inkatsika kuchoka pa 1.4GHz kufika pa 1.2GHz. Choncho wogula fani asamaganize kuti akupulumutsa moyo wa Pi yake. Chimene akugula ndi liwiro, ndipo ayenera kudzifunsa kaye ngati ntchito yake ikulifuna liwirolo.

Gawo lina la vuto la Pi 4 linatha popanda kugula kanthu. Chakumapeto kwa 2019 kampani yopanga Pi inakonzanso pulogalamu ya mkati yoyendetsa bolodi, n'kuchepetsa magetsi amene chip ya USB, VL805, inkadya ngakhale isakugwira ntchito. Kutentha kunatsikako. Anthu anaonanso kuti kuiimika chilili m'malo moigoneka kumathandiza, popeza mpweya wotentha umakwera momasuka mbali zonse ziwiri za bolodi.

Mu Novembala 2020 kampani yomweyo inatulutsa zinthu ziwiri zooneka ngati zotsutsana. China chinali fani ya madola 5 yoika m'bokosi la Pi 4 lija. China chinali Raspberry Pi 400, kompyuta yomangidwa m'kati mwa kiyibodi, yothamanga pa 1.8GHz koma yopanda fani: pansi pa mabatani anayalamo chitsulo chachikulu chimene chimayamwa kutentha n'kukumwaza. Njira ziwirizi ndi zimene anthu akukanganirabe mpaka lero.

Pofika pa Pi 5 ya mu 2023, yothamanga pa 2.4GHz, fani inapatsidwa polumikizira pakepake pa bolodi. Active Cooler, ya madola 5 nayonso, ndi fani yokhala pa heatsink (chitsulo choyamwa kutentha) ya aluminiyamu, ndipo sizungulira mwachisawawa. Kutentha kukakhala kochepera madigiri 50 imangokhala duu. Pa 50 imayamba pang'onopang'ono, pa 60 ndi pa 67.5 imawonjezera, pa 75 imazungulira ndi mphamvu zonse. Apa anaganiza bwino, chifukwa fani yaing'ono yongolira usana ndi usiku imatopetsa makutu a munthu wogona nayo chipinda chimodzi.

Musanagule chilichonse, yezani. Mukalemba vcgencmd measure_temp pa Terminal, Pi imakuuzani kutentha kwake nthawi yomweyo. Yezani ili pakati pa ntchito yake yeniyeni, masana dzuwa lili paliwombo, osati m'mawa mutangoiyatsa. Pi yongogawira ophunzira Wikipedia kudzera mu Kiwix pa sukulu yopanda intaneti ili ndi ntchito yopepuka poyerekeza ndi Pi yosintha mavidiyo kapena yozindikira nkhope za anthu pa kamera. Yoyambayo ikhoza kukhala bwinobwino popanda fani; yachiwiriyo ayi.

Koma malangizo ambiri amalembedwa ndi anthu okhala m'zipinda za madigiri pafupifupi 20, ndipo pamenepa ife tiyenera kuchenjera. Fani sipanga mpweya wozizira. Imangokankha mpweya umene ulipo. M'chipinda cha madigiri 20, purosesa ili ndi mpata wa madigiri 60 isanayambe kufooka. Ku Nsanje kapena ku Ngabu mu Okutobala, kumene kunja kwenikweniko kumatha kuposa madigiri 40, m'nyumba ya malata yopanda siling'i mpatawo sufika n'komwe 40. Ndiye pali fumbi. Fani imalikokera m'kati, limadzaza m'mipata ya heatsink, ndipo pakapita nthawi kafaniko kamayamba kulira mokwiyitsa kenako n'kuima, mwini wake osadziwa.

N'chifukwa chake, kwa Pi 4 yosiyidwa pa shelefu miyezi yambiri popanda woiyang'anira, ine ndimakonda bokosi la aluminiyamu lopanda fani, monga la Flirc. M'kati mwake muli kachitsulo kotsika kukakhudza purosesa, moti bokosi lonselo limasanduka heatsink. Mukaligwira limatentha, ena n'kuchita mantha, chonsecho kutenthako ndi umboni woti likugwira ntchito. Chofunika n'kusaliphimba ndi nsalu poopa fumbi, komanso kukumbukira kuti chitsulo chozungulira bolodi chikhoza kufooketsa Wi-Fi. Za tima heatsink ting'onoting'ono tomatira ndi guluu, thandizo lake ndi lochepa ngati bokosi latsekedwa ndipo mpweya sukuyenda.

Wosankha fani wamba ya mawaya awiri asamale polumikiza. Waya wofiira umapita pa pini 4, ya 5V, wakuda pa pini 6. Ena amaika wofiirawo pa pini 1, ya 3.3V, kuti fani izizungulira mofatsa ndi phokoso lochepa. Zonsezi zichitike magetsi atazimitsidwa, chifukwa 5V ikangokhudza pini ina yoyandikana nayo, bolodi ikhoza kufa pomwepo, ndipo pa imfa yotere palibe chitetezo ngati cha kutentha chija.

Nthawi zinanso Pi imachita ulesi isanatenthe n'komwe. Magetsi olowa akatsika kupitirira pa 4.63V, imachenjeza n'kuchepetsa liwiro chimodzimodzi. Pi 4 imafuna chaja yopereka 3A, ndipo Pi 5 imagwira ntchito mokwanira ndi ya 5A. Machaja ambiri a foni safika pamenepo, makamaka waya akakhala wautali komanso wowonda, ndipo apa ngakhale mutaika mafani awiri liwiro silibwerera mpaka mutasintha chaja.