Kukapimitsa Thupi Kamodzi pa Chaka: ku Boma Kapena Kolipira?

Mwezi wa Juni ukafika, midzi ya kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe imapumako pang'ono. Chimanga chimakhala chitaloŵa m'nkhokwe, mtedza ndi soya zili pa masikelo a ogula pa Mpingu, pa Nsaru ndi pa Namitete, ndipo mabelo a fodya ali pa ulendo wa ku Kanengo. Iyi ndiyo nyengo imene mlimi amakonzetsa ngolo, amagulira njinga matayala atsopano ndiponso kukhoma malata pa nyumba. Koma ndi oŵerengeka okha amene amakumbukira kukapimitsa thupi limene lagwira ntchito yonseyo. Akafunsidwa chifukwa, ena amati sakumva kuŵaŵa paliponse, ena amati kuchipatala n'kofuna ndalama.

Kodi n'zoona kuti kupimitsa thupi n'kwa anthu andalama okha? Nanga munthu amene watsimikiza zokapimitsa aloŵere kuti: ku chipatala cha boma, ku chipatala cha mishoni, kapena ku zipatala za anthu apadera za mu mzinda? Kuti funsoli liyankhidwe bwino, nkofunika kuyamba ndi chifukwa chimene munthu wosadwala ayenera kupitira kuchipatala.

Matenda osaimba ng'oma

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Malungo amadziŵika msanga chifukwa thupi limatentha ndi kunjenjemera, koma alipo matenda ena amene amakhala m'thupi zaka zambiri munthu akulima, akudya ndi kuseka ngati wina aliyense. Oyamba mwa matendaŵa ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amangoti BP. Mu 2009, Unduna wa za Umoyo pamodzi ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO anapima anthu a zaka zoyambira 25 mpaka 64 m'madera osiyanasiyana a dziko lino. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa anthu atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa 90 mwa anthu 100 alionse amene anali ndi vutoli sankadziŵa kapena sankamwa mankhwala. Pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse anapezeka ndi matenda a shuga. Matendaŵa sanapezeke m'tauni mokha monga ambiri amaganizira, anapezekanso kumidzi.

Kwa amayi pali mdani winanso, khansa ya khomo la chiberekero. Malaŵi ndi limodzi mwa maiko amene nthendayi imapha amayi ambiri koposa. Imayamba popanda ululu, ndipo pamene mayi wayamba kutaya magazi mosayembekezereka imakhala itapita kale patali. Komabe ikapezeka pachiyambi, anamwino amatha kuthana nayo, nthaŵi zina tsiku lomwelo.

Zoyenera kupimidwa n'zoŵerengeka

Anthu ambiri amaopa mtengo chifukwa amaganiza kuti kupimitsa thupi ndiko kujambulitsa ziŵalo zonse pa makina. Si choncho ayi. Kwa munthu wamkulu amene sakumva kudwala, zofunika kwenikweni ndi izi: kupima BP, kupima sikelo, kuyezetsa magazi kuti adziŵe ngati ali ndi kachilombo ka HIV, ndi kupima shuga, makamaka kwa amene apitirira zaka 40, onenepa kwambiri, kapena amene kubanja kwawo kuli matendaŵa. Mayi wa zaka zoyambira 25 mpaka 49 ayeneranso kupimitsa khomo la chiberekero, ndipo anamwino amamuuza nthaŵi yodzabwereranso. Amene wakhala akutsokomola kwa nthaŵi, kuonda kapena kutuluka thukuta usiku, apereke makhololo kuti aone ngati ali ndi chifuwa chachikulu.

BP ikafika pa 140/90 kapena kupitirira, ndiye kuti yakwera, ngakhale kuti madokotala amabwereza kupima pa masiku osiyana asanayambitse munthu mankhwala. Kupima kumeneku kumatenga mphindi zochepa chabe. Kupima shuga kumafuna kadontho kamodzi ka magazi a pa chala.

Ku chipatala cha boma

Pa zipatala za boma monga Kabudula, Nsaru ndi Chitedze, munthu salipira kuti aonane ndi dokotala, kuti apimidwe, kapena kuti alandire mankhwala. Chimene amagula ndi kabuku ka kuchipatala kokha ngati alibe. Kuyezetsa HIV n'kwaulere, ndipo mankhwala a ma ARV akhala akuperekedwa ulere kuyambira mu 2004. Kupima makhololo ndi mankhwala a chifuwa chachikulu n'zaulerenso. Kupima khomo la chiberekero, kumene anamwino amachita popaka viniga ndi kuyang'ana ngati pali zizindikiro, sikulipiritsidwa pa zipatala za boma zimene zili ndi anamwino ophunzitsidwa ntchitoyi. Kuyambira mu 2019, atsikana a zaka 9 amalandiranso katemera woteteza ku kachilombo koyambitsa khansayi. Munthu akapezeka ndi vuto loposa mphamvu ya chipatala chaching'ono, amapatsidwa kalata yopita ku chipatala chachikulu, mpaka ku Kamuzu Central, chimene chinatsegulidwa mu 1977.

Komabe chaulere sichikhala chopanda mtengo. Pa zipatala za boma pamakhala anthu ambiri, ndipo amene wafika dzuŵa litakwera angathe kubwerera madzulo. Nthaŵi zina timapepala topimira shuga timatha, makina opimira BP amasoŵa mabatire, kapena mankhwala amachedwa kufika, motero munthu amauzidwa kuti abwerenso tsiku lina kapena akagule yekha. Ulendo wachiŵiriwo ndi ndalama ndithu.

Ku chipatala cha mishoni

M'dera lino muli zipatala za mipingo zimene zatumikira anthu kwa zaka zambiri. Chachikulu ndi St Gabriel's ku Namitete, chimene chinayambitsidwa mu 1959 ndi masisitere a chipani cha Carmel ochokera ku Luxembourg. Ku Nambuma kulinso chipatala chaching'ono cha mpingo wa Katolika. Zipatala zotere zili pansi pa bungwe la CHAM, limene linayamba mu 1966 ndi dzina lakuti PHAM, ndipo zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse cha chipatala m'dziko muno, makamaka kumidzi.

Zipatala za mishoni sizichita malonda. Boma limalipira malipiro a antchito awo ambiri, ndipo n'chifukwa chake mitengo yake imakhala yotsika poyerekeza ndi ya zipatala za anthu apadera. Komabe mankhwala, zipangizo za mu labotale ndi mafuta a galimoto zimagulidwa ndi ndalama zimene odwala amapereka. Choncho munthu amalipira poonana ndi dokotala, amalipira pa chilichonse chimene apimidwa, kenaka n'kulipiranso mankhwala. Kuyambira mu 2006, boma lakhala likupangana ndi zipatala zambiri za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi ana akhanda azithandizidwa ulere, boma n'kumabweza ndalamazo. Panganoli silikhudza bambo wobwera kudzapimitsa shuga, ndipo limasiyana pa chipatala ndi chipatala. Koma kuyezetsa HIV, ma ARV ndi mankhwala a chifuwa chachikulu zimachokera ku boma, motero mankhwalaŵa sagulitsidwa ngakhale ku mishoni.

Ku zipatala za anthu apadera

Mu mzinda wa Lilongwe muli zipatala zimene eni ake amaziyendetsa ndi ndalama za odwala zokha. Kumeneko mzere umakhala waufupi, zotsatira zimatuluka msanga, ndipo zina zimagulitsa kupima kwa thupi lonse pa mtengo umodzi: magazi, mkodzo, impso, chiŵindi, mtima ndi kujambula chifuwa. Mtengo wake ndiwo wokwera koposa pa njira zitatuzi. Ambiri amene amapita kumeneko ndi apantchito amene amadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi ku mabungwe monga MASM. Kwa mlimi wa ku Kabudula, pamwamba pa bilu pamabweranso mtengo wa minibasi kupita ndi kubwera.

Kodi kupimitsa zinthu zambiri chotere kumatalikitsa moyo? Mu 2019, akatswiri a bungwe la Cochrane anasonkhanitsa zofufuza 17 zokhudza anthu oposa 250,000 a m'maiko olemera. Anapeza kuti kuitana anthu osadwala kudzapimidwa mwachisawawa sikunachepetse imfa. Chimodzi mwa zifukwa zake chingakhale chakuti anthu a m'maikowo amaonana kale ndi madokotala kaŵirikaŵiri, zimene sizili choncho kuno, kumene ambiri sanapimitsepo BP chibadwire. Phunziro lake ndi lakuti phindu silili m'kuchuluka kwa zopimidwa. Lili m'kupima zinthu zoyenera msinkhu ndi moyo wa munthuyo, ndi kutsatira chithandizo pambuyo pake. Palinso tizipatala ting'onoting'ono tolipira pa misika ya kumidzi. Tina timathandiza ndithu, koma munthu aonetsetse kuti pakhoma pali chiphaso chochokera ku Medical Council of Malawi.

Kuŵerengera zonse pamodzi

Mitengo ya zipatala imasintha kaŵirikaŵiri, makamaka kuchokera pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo umene mnansi analipira chaka chatha sungakhale wodalirika lero. Safunsa anadya phula: nkwanzeru kufunsa pa zenera lolipirira kapena kwa mlangizi wa za umoyo wa m'mudzi ulendo usanayambe. Koma njira yoŵerengera siisintha. Munthu aphatikize zinthu zinayi: ndalama ya pa zenera, ndalama ya ulendo, tsiku la ntchito limene lataika, ndi mtengo wa mankhwala amene angafunike mwezi ndi mwezi.

Mayi amene amakhala pafupi ndi chipatala cha Kabudula, woti angathe kuyenda pansi, alibe chifukwa chokwerera galimoto kupita kolipira. Alaŵirire m'mamaŵa, apimitse zonse tsiku limodzi, ndipo adzakhala atataya theka la tsiku lokha. Bambo wa kufupi ndi Namitete kapena Nambuma, amene chipatala cha boma chili kutali ndi kwawo, angapeze kuti ndalama ya kabaza kupita ndi kubwera ikufanana kapena kuposa imene akadalipira ku mishoni popimitsa BP ndi shuga. Kwa iyeyu kolipira ndiko kungakhale kotsika mtengo. Munthu wa pa Mpingu, amene ali pa msewu wa tala pakati pa mzinda ndi Namitete, ali ndi mwayi wosankha: angayambire ku chipatala cha boma chapafupi, n'kukalipira kwina chinthu chimodzi chokha chimene sichinapezeke.

Chinthu chachinayi chija ndicho ambiri amaiŵala. Kupima n'kwa tsiku limodzi, koma mankhwala a BP ndi a shuga ndi a moyo wonse. Munthu angathe kupimitsa kolipira, koma akapezeka ndi nthenda aganizire bwino kumene adzikalandira mankhwala mwezi uliwonse osadukiza, ngakhale mu Januwale ndi Febuluwale pamene m'thumba mulibe kanthu ndipo misewu ili matope. Dokotala akhoza kulemba m'kabuku kuti munthuyo azikalandira ku chipatala cha boma cha kufupi ndi kwawo.

Mtengo wa kusapita

Pali njira yachinayi imene anthu ambiri amasankha poganiza kuti ndiyo yosaononga ndalama, ndiyo kukhala pakhomo. Koma BP yosapimidwa imatha kuphulitsa kapena kutseka mtsempha wa mu ubongo, munthu n'kufa ziŵalo mbali imodzi. Shuga wosasamalidwa amachititsa khungu, amaononga impso, ndipo chilonda chaching'ono cha pa phazi chimatha kudulitsa mwendo. Zikafika pamenepo banja limasaka galimoto usiku pa mtengo uliwonse, wina amasiya munda kukadikirira wodwala kwa milungu, mbuzi zimagulitsidwa, feteleza sagulidwa, ndipo ana amaleka sukulu. Ngakhale bedi la m'chipatala cha boma likhale laulere, banjalo limalipira kwa zaka. Palibe chipatala m'dera lino chimene kupima kwake kungafike pa mtengo umenewo.

Pokonzekera ulendo

Wopita kukapimitsa atenge kabuku kake ka kuchipatala, pakuti zimene zinalembedwa chaka chatha zimathandiza dokotala kuona ngati zinthu zikusintha, ndiponso zimapeŵetsa kulipira kaŵiri chinthu chimodzi. Ngati akufuna kupimitsa shuga, ndi bwino kupita m'maŵa asanadye kanthu, koma madzi akhoza kumwa. Akafika atapalasa njinga, apume kanthaŵi asanapimidwe BP. Afunsiretu tsiku limene chipatala chimapima khomo la chiberekero kapena kuona anthu a BP ndi shuga, chifukwa zipatala zambiri zili ndi masiku ake. Kolipira, afunse mtengo wa chinthu chilichonse asanapimidwe, afunsenso ngati n'chofunikadi, ndipo alandire lisiti. Asachoke asanamve tanthauzo la zotsatira zake.

Mwamuna ndi mkazi akapitira limodzi, njinga imodzi imakwanira onse aŵiri, ndipo wina amakumbutsa mnzake zimene dokotala ananena. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi magulu a banki m'khonde angathandize posankha mwezi umodzi pa chaka, zokolola zitatha, woti anthu awo akapimitse. Mlimi amene amakumbukira kuthira mankhwala chimanga chake kuti anankafumbwe asachiwononge, akumbukirenso kupatula tsiku limodzi la thupi lake mvula isanagwe.