CIPHASO CA GALIMOTO CITETEZA YANI?

Hopley ndi mudzi wa kumwera kwa Harare umene unakula m'caka ca ​2005 Boma litagwetsa nyumba za anthu pa nthawi ya Murambatsvina. Ambiri a kumeneko amagwira nchito m'tauni, ndipo m'mawa uli wonse munthu ayenera kusankha: kudikira kombi ya ciphaso, kapena kukwera kagalimoto kopanda ciphaso kamene eni dziko amati mushikashika.

Ambiri amayesa kuti ciphaso ndi msonkho cabe. Si tero ai. Mwini kombi ayenera kutenga laisensi ku Unduna woona za maulendo, pamodzi ndi kalata yonena njira imene galimoto yake idzayendamo. Galimotoyo iyesedwa ndi a VID, amene amaona mabuleki, matayala ndi nyali. Woyendetsa apimidwa ndi dotolo. Pafunikanso inshuwalansi ya okwera, kuti pakagwa ngozi wobvulala kapena ana a womwalira alandireko kanthu. Wokwera mushikashika alibe citetezo cotere. Honda Fit inapangidwira anthu asanu, koma anthu amapanikizana m'menemo koposa apo, ndipo ikagubuduka palibe wolipira.

Komabe ciphaso cikhoza kusanduka goli. Mu September 1956, pamene kampani imodzi yokha inali ndi cilolezo ca mabasi m'Salisbury, mitengo inakwera, ndipo a City Youth League, otsogozedwa ndi James Chikerema ndi George Nyandoro, anauza anthu kuti aleke kukwera mabasiwo. Mu 1993 Boma linatsegula khomo kuti anthu wamba ayendetse makombi. Mu 2020, pa mliri wa Covid-19, linalamula kuti makombi aziyenda pansi pa ZUPCO basi. Mizere ya odikira inatalika, mushikashika inaculuka, ndipo mu 2022 Boma linalolanso eni makombi kuyenda paokha.

Phunziro lake ndi loonekeratu. Ciphaso cinaikidwa kuti cisunge moyo wa wokwera. Cikakhala codula kapena cobvuta kupeza, galimoto zololedwa zimacepa, ndipo wanchito woopa kucedwa kwa bwana wake amakwera ciri conse coima pamseu. Apolisi angathamangitse mushikashika tsiku ndi tsiku, koma cimene cidzaithetsa ndi makombi aciphaso okwanira ofika ku Hopley m'bandakuca.