Kodi Mayeso Athu Amayeza Luso la Mwana Kapena Chilankhulo?

Mayeso alionse amafunsa mwana zinthu ziwiri nthawi imodzi: ngati akudziwa chimene chafunsidwa, ndiponso ngati wamva chilankhulo cha funsolo. Mwana akalephera, pepala silitiuza kuti wapunthwa pa chiti. Ife amene tikukonzekera kuphunzitsa m'zilankhulo ziwiri tiyenera kudziwa kusiyanitsa zimenezi, pakuti malikisi amene tidzalemba ndiwo adzagamule ngati mwana akwera kalasi, ndiponso ngati makolo ake apitiriza kukhulupirira sukulu yophunzitsa m'chilankhulo chawo.

Nkhaniyi si yachilendo m'chigawo chathu. Kuyambira 1993 mpaka 1997 bungwe la INDE lidayendetsa ntchito yoyesera yotchedwa PEBIMO. Ku Gaza ana adaphunzira m'Chichangana ndi Chipwitikizi, kuno ku Tete m'Chinyanja ndi Chipwitikizi. Carol Benson, amene adaunika ntchitoyi, adapeza kuti mayeso olemba sadapereke yankho lomveka bwino. Umboni wamphamvu udachokera pa zimene zinkaoneka m'kalasi: ana ankayankha momasuka, ankadzidalira, ndipo ankawerenga ndi kulemba m'zilankhulo zonse ziwiri. Ofufuza akadangodalira pepala, phindu lalikulu likadabisika. Mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri adayambika m'masukulu ena a boma.

Tisadzinamize kuti chilankhulo cha makolo pachokha ndi mankhwala. Kauniuni wa dziko lonse wa 2016 adasonyeza kuti ana a kalasi yachitatu osakwana 5 mwa 100 alionse ndiwo adafika pa mlingo woyenera wa kuwerenga Chipwitikizi. Wina anganene kuti vuto ndi Chipwitikizicho. Koma kutsidya kwa malire a Zóbuè, ku Malawi, mayeso a EGRA a mu 2010 adachitika m'Chichewa, ndipo ana a Sitandade 2 oposa 70 mwa 100 sadathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi la nkhani yaifupi. Ubwino wa mayeso a m'chilankhulo cha mwana ndi wakuti amaloza pamene pali bala. Pa EGRA woyesa amakhala ndi mwana mmodzi, namupatsa malembo, maphatikizo, mawu, kenaka nkhani, n'kuwerenga zimene wakhoza pa mphindi imodzi. Amamuwerengeranso nkhani ina mokweza n'kumufunsa mafunso. Mwana akayankha bwino nkhani yomvetsera koma n'kukakamira pa yowerenga yekha, tadziwa kuti nzeru zilipo, chosowa ndi kulumikiza malembo ndi maliwu ake. Mayeso omwewo akadakhala m'chilankhulo chimene sachimva, akadalephera zonse ziwiri, ife osaphunzirapo kanthu.

Akatswiri ofufuza za kalembedwe ka anthu ntchito adafika pa mfundo yofanana. Mu 1998 Frank Schmidt ndi John Hunter adasonkhanitsa kafukufuku wa zaka 85, napeza kuti kumupatsa munthu kachigawo ka ntchito yeniyeniyo kuti agwire, kapena kufunsa ofuna ntchito onse mafunso amodzimodzi okonzedweratu, kumalosera bwino kagwiridwe kake ka ntchito kuposa kungowerenga zaka zimene adakhala pasukulu. Mu 2022 Paul Sackett ndi anzake adabwerezanso mawerengedwewo, ndipo mafunso okonzedweratu adakhala patsogolo pa njira zina. Ife a ku Moatize sitingadabwe nazo. Palibe wanzeru angapereke chigalimoto chonyamula malasha kwa munthu chifukwa chakuti wafotokoza bwino za kuyendetsa. Amayamba wamuona ali pachiwongolero.

M'kalasi tichite chimodzimodzi. Tikafuna kudziwa ngati mwana amatha kuchotsera, timuuze m'Chinyanja kuti wagula mulu wa tomato wa 20 meticais napereka 50, ndipo atiuze chenji. Ana ambiri amene amathandiza amayi awo kumsika wa Zóbuè amachita masamu otere pamtima, ena m'ndalama za maiko awiri, koma pa ACS yolembedwa m'Chipwitikizi amasiya pepala loyera. Funso likhale limodzi kwa onse, ndipo tilemberetu yankho limene tidzalitche lokwanira tisanaitane mwana woyamba. Tikapanda kutero, mtima umakondera mwana wolankhula msanga ndi wokhala kutsogolo.

Povuta kwambiri ndi poyeza khalidwe. Mwana wophunzitsidwa bwino kwawo sayang'ana wamkulu m'maso, amayankha motsitsa mawu, ndipo sathamangira kulankhula akulu asanamulole. Kumudzi umenewo ndi ulemu. M'kaundula wa mphunzitsi wopupuluma umasanduka "wamanyazi" kapena "satenga nawo mbali". Atsikana ndiwo amavulala kawirikawiri ndi chiweruzo chotere. Tilembe chimene taona, osati dzina limene tamupatsa mwanayo. "Waulesi" ndi chiweruzo. "Sadamalize ntchito katatu sabata ino, masiku onse atatu adafika mochedwa" ndi umboni, ndipo umatitsogolera kukafunsa makolo chimene chikuchitika m'mawa kunyumba. Timuonenso ali pagulu la anzake anayi kapena asanu, chifukwa wosalankhula pamaso pa mphunzitsi nthawi zina ndiye amalongosolera anzake phunziro lonse.

Zonsezi zisanachitike pali funso loyamba. M'dera ngati 25 de Setembro, kumene mgodi udasonkhanitsa anthu ochokera kosiyanasiyana, kalasi imodzi ingakhale ndi ana a Chinyungwe, Chinyanja ndi Chisena, ndi ena amene Chipwitikizi ndicho cha kunyumba. Kumuyesa mwana wa Chinyungwe m'Chinyanja chifukwa chakuti zilankhulozi n'zapachibale ndi kubwereza cholakwa chomwe chija pang'ono chabe. Sabata yoyamba ya chaka ticheze ndi mwana aliyense, tilembe chilankhulo chimene amayankhira momasuka. Pofika kalasi yachinayi, pamene Chipwitikizi chimayamba kukhala chilankhulo chophunzitsira, tisunge mizere iwiri m'kaundula: wina wa zimene mwana akudziwa pa phunzirolo, wina wa mmene akuzifotokozera m'Chipwitikizi.