Chidendene Chikamabaya M'mawa

Ululu umene umabaya chidendene munthu akangoponda pansi podzuka kawirikawiri umachokera ku mtsempha wolimba wa pansi pa phazi, wotchedwa plantar fascia. Masewera otambasula mtsemphawu akapanda kuthandiza kwa miyezi ingapo, madokotala ena amayesa shockwave, makina omenya powawapo ndi mafunde amphamvu. Njirayi inayambira ku Munich mu 1980, pophwanya miyala ya mu impso.

Makinawa alipo amitundu iwiri. Mu radial, mpweya umakankha kachitsulo mumpope n'kukagunda kumapeto, ndipo mphamvuyo imamwazika, n'kumachepa ikamalowa m'thupi. Focused imasonkhanitsa mphamvu pamalo amodzi, mkati ndithu, koma makina ake ndi odula.

Ine ndimaona kuti otsatsa malonda amakokomeza kusiyanaku. Mitundu yonse iwiri imachepetsa ululu kwa odwala ambiri. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kaimidwe. Wodwala chidendene amazolowera kutsamira mwendo winawo, n'kumayenda motsimphina. Ululu ukatha, chizolowezicho chimatha kutsalira, choncho apempheni afiziyo akuphunzitseninso kuima ndi mwendo umodzi mutagwira mpando.