Dongo Loyenda: Ophunzira a Kunyanja ndi Kanema wa Mphindi Imodzi

Palibe mwana wokulira m'mbali mwa nyanja, kuyambira pamchenga woyera wa ku Kande, kudzera ku Chintheche, kufikira kutsinde kwa mapiri a Usisya kumene sitima ya Ilala imaima, amene sanaumbepo ng'ombe yadongo, kapena kusema kabwato, kapena kupinda waya mpaka usanduke galimoto. Ndipo ana omwewo, pamene aunjikana madzulo mozungulira foni ya mkulu wawo naonerera makatuni akunja, amakhulupirira ndi mtima wonse kuti zinthu zotere zimapangidwa ndi anthu ena, a manja ena, m'maiko akutali. Chikhulupiriro chimenechi ndicho ndifuna kuchitsutsa, pakuti dzanja limene liumba ng'ombe latha kale gawo lalikulu la ntchito, ndipo chotsala ndicho kudziwa njira yoyendetsera ng'ombeyo, ndi kupirira kufikira itayenda.

Chinsinsi chake n'chapafupi. Kanema aliyense ndi mndandanda wa zithunzi zoima, chilichonse chosiyana pang'ono ndi chinzake, zimene zikaonetsedwa motsatizana mwamsangamsanga, diso limalephera kuzilekanitsa, kotero kuti munthu amaona kuyenda pamene palibe chimene chayenda. Makanema aakulu amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, koma opanga makatuni anazindikira kalekale kuti zithunzi 12, chilichonse chooneka kawiri, zimakwanira kunyenga diso. Tsono tiyeni tiwerenge: mphindi imodzi ili ndi masekondi 60, ndiye kuti kanema wa mphindi imodzi afuna zithunzi 720, ndipo ngati kusuntha chidole ndi kuchijambula kutenga theka la mphindi pa chithunzi chilichonse, ntchito yojambula yokhayo ndi ya maola 6, osawerengera kuumba, kukonza zolakwika ndi kuika mawu. Ambuye wathu anaphunzitsa za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, kuti angasanduke choseketsa cha anthu atalekezera pa maziko. Ndipo mphunzitsi wanzeru adzachititsa ophunzira ake masamu amenewa tsiku loyamba, pabolodi, asanagwire dongo, chifukwa gulu lililonse la achinyamata limayamba ndi kulota kanema wa theka la ola.

Amene anatitsogolera m'luso limeneli sanali olemera zipangizo. Mayi wina wa ku Germany, Lotte Reiniger, anadula mapepala olimba akuda ndi sizasi, nalumikiza manja ndi miyendo ya anthu ake ndi tiwaya, nawagoneka pagalasi lowalitsidwa kuchokera pansi. Anagwira ntchito zaka zitatu, ndipo kanema wake wa Prince Achmed, amene anatuluka mu 1926, ndiye wakale kuposa makatuni onse aatali amene alipo lero. Kuno ku Africa, Moustapha Alassane wa ku Niger, munthu amene anayamba ngati makaniko, anajambula achule ndi dzanja lake natulutsa Bon Voyage Sim mu 1966, kanema wa mphindi zochepa wonena za ulendo wa mtsogoleri wa dziko la achule. Ndipo mu 2023, Netflix inaonetsa Supa Team 4, nkhani ya atsikana anayi a sukulu a mu Lusaka, imene anaiganiza ndi mwana wa ku Zambia, Malenga Mulendema, mogwirizana ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town. Lusaka si kumwamba, ndi kwa anansi athu. Ndipo dera lathu lino la kunyanja, limene linalandira sukulu za mishoni ya Bandawe kuyambira 1881, nilitulutsa anthu onga Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anakatsogolera antchito a ku South Africa, silingalephere kuyendetsa chidole pathebulo.

Tiyerekeze tsono kuti kalasi ina ya Fomu 2 kufupi ndi Chintheche yapatsidwa teremu imodzi kuti ipange kanema wotere. M'mera mpoyamba: kanemayo adzakhala wabwino kapena woipa malinga ndi masabata oyamba, pamene foni idakali m'thumba la aphunzitsi. Choyamba ndi nkhani, ndipo nkhaniyo ikhale yaing'ono, ya anthu awiri kapena atatu, malo amodzi, chofuna chimodzi ndi chopinga chimodzi. Apa pali mayesero aakulu awiri. Oyamba ndiwo kutengera zakunja, kuumba ngwazi youluka m'mizinda imene ophunzirawo sanaionepo. Achiwiri, amene amagwira kwambiri ife akulu, ndiwo kusandutsa kanema kukhala ulaliki, kuti chidole chiime ndi kulangiza anthu za kuipa kwa kuphera nsomba ukonde wa udzudzu. Uphunguwo ndi woona, ndipo makomiti a asodzi m'magombe a kuno, pamodzi ndi mabungwe onga Ripple Africa, akhala akuulimbikira. Koma munthu amene wabwera kudzaona nthano akapatsidwa mwambo, mtima wake umatseka chitseko. Nthano za agogo athu zinali ndi phunziro, komatu Kalulu sanaimepo kuti alongosole phunzirolo. Iye ankangochita zake, ndipo omvera ankatola okha.

Nkhani zili pakhomo. Taganizani za usiku wa mdima, mwezi usanatuluke, pamene siginala apalasa bwato lake la nyali kukaitana usipa, anzake ali kumbuyo ndi ukonde wa chilimira. Taganizani za mnyamata amene atengedwa ulendo wake woyamba, mwera nuuka pakati pa nyanja, nyali nizima, ndipo mlongo wake, ataona kuti kuwala kwasowa pamadzi, akoleza moto pagombe kuti a m'bwato adziwe kolowera. Imeneyo ndi mphindi imodzi yathunthu, yokhala ndi chiyambi, mantha ndi chipulumutso, ndipo siifuna mawu oposa khumi. Koma ophunzira asaiumbe m'mutu mwawo mokha. Apite kugombe m'mawa, pamene amayi ayanika usipa pathandala, akapereke moni mwaulemu kwa asodzi akale, nafunse: "Agogo, kodi mphepo ikatembenuka usiku mumadziwira chiyani? Nanga nkhafi mumaigwira motani mafunde akakula?" Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo yankho la mphindi zisanu lidzapulumutsa ana ku zolakwa zimene mudzi wonse ukadaziona.

Atabwera kugombeko, atenge pepala lalikulu, alilembe mabokosi khumi ndi awiri kapena kupitirira pang'ono, ndipo m'bokosi lililonse ajambule mwachidule chimene woonera adzaona, nalembe pansi pake masekondi ake: apa nyanja yonse ioneka patali, masekondi asanu, apa nkhope ya mnyamata pafupi, masekondi atatu. Kujambula kwake kusakhale kokongola, anthu a timitengo akwanira. Chofunika n'chakuti munthu wa kalasi ina, amene sanaimve nkhaniyo, ayang'ane mabokosiwo ndi kuifotokoza yekha. Akasokera pa bokosi lachisanu ndi chiwiri, kanemanso adzasokeretsa anthu pomwepo, ndipo kufufuta pensulo n'kopepuka kuposa kubwereza zithunzi zana. Ntchito igawidwenso pamenepo, popeza mutu umodzi susenza denga: ena oumba, wina wosuntha zidole, wina wojambula, wina mlembi wowerenga zithunzi m'kope, ena a mawu ndi nyimbo. Ndipo ndikupempha aphunzitsi kuti foni isangogwera m'manja mwa anyamata pamene atsikana atumwa kukatunga madzi okandira dongo. Ntchito zizisinthana sabata ndi sabata, kuti aliyense alawe zonse.

Tsono lifika tsiku lojambula, ndipo mdani woyamba ndiye kugwedezeka. Foni iyenera kukhala chikhalire malo amodzi kuyambira chithunzi choyamba kufikira chomaliza. Ena amaimangirira ndi mphira ya chubu kumwendo wa mpando, ena amaboola katoni naigoneka pamwamba kuti diso lake liyang'ane pansi. Kuikhudza ndi chala pojambula kumaisuntha pang'ono, ndipo pang'onopo pamaoneka ngati chivomezi m'kanema. N'chifukwa chake amene ali ndi chingwe cha zomvera m'makutu amadina batani lake, foni osaigwira. Mapulogalamu onga Stop Motion Studio amaonetsa mthunzi wa chithunzi chapitacho pamwamba pa chatsopano, kotero kuti wosuntha amaona kutalika kwa mtunda umene dzanja la chidole layenda. Mdani wachiwiri ndi dzuwa, limene ife timaliyesa bwenzi. Pakuti m'maola awiri limayenda, mtambo umaliphimba nulisiyanso, ndipo kanema wojambulidwa pawindo amaphethiraphethira kowawitsa maso. Kuli bwino kutseka mawindo ndi mabulangete ndi kuyatsa nyali imodzi ya sola yodzaza bwino, imene kuwala kwake sikusintha. Ndipo kumidzi kumene magetsi ndi osadalirika, wina akhale ndi udindo woonetsetsa kuti foni ndi nyali zagona zili zodzaza, chifukwa batire ikatha pakati pa chochitika, kubwezeretsa zonse pamalo pake mawa ndi ntchito yowawa.

Dongo nalonso lili ndi khalidwe lake. La kudambo, monga la ku Limphasa kufupi ndi Mpamba, limaumbika bwino, koma limauma ndi kung'aluka pamapindiko, motero chidole chifuna mafupa a waya m'kati, ndi kansalu konyowa kochifunditsa pa nthawi yopuma. Ndipo gulu limene liona kuti dongo likuvuta lisachite manyazi kutsata njira ya Reiniger, kudula anthu m'makatoni ndi kulumikiza ziwalo zawo ndi ulusi. Nyanja ingakhale chitenje chobiriwira ngati madzi akuya, chimene ana awiri amachikwinya pang'ono pa chithunzi chilichonse. Mtambo wa nkhungu, tizilombo timene timatuluka m'nyanja ngati utsi, ungakhale masamba a tiyi owazidwa papepala ndi kukankhidwa ndi nthenga. Taonani mtsikana ataweramira thebulo, mpweya ataugwira, akukweza nkhafi ya kamtengo ndi nsonga ya chikhadabo, utali wosaposa njere ya mpunga, kenaka achotsa dzanja, mnzake adina, mlembi anena nambala, ndipo ayambanso. Lamulo lake ndi limodzi: kusuntha pang'ono kubala kuyenda kwapang'onopang'ono, kusuntha kwambiri kubala liwiro, ndipo chamoyo chilichonse chimayamba mofatsa, nichifulumira, nichifatsanso chisanaime. Oyamba kumene amaiwala kupumitsa zidole zawo, koma mantha a mnyamata uja adzaoneka pamene iye aima chilili kwa zithunzi khumi ndi ziwiri, akuyang'ana kumene nyali yazimira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za mawu ndinena mwachidule. Ajambulidwe m'chipinda chachete, kapena pansi pa bulangete. Mafunde akatengedwe kunyanja kwenikweni m'bandakucha. Ng'oma ikhale ya anyamata a malipenga kapena nyimbo ya chilimika yopekedwa ndi ophunzira eni ake, osati nyimbo ya woimba wina yotengedwa popanda chilolezo. Ndipo msodzi wa ku Chintheche alankhule Chitonga, monga alankhulira pagombe. Mawu a Chichewa kapena Chingelezi angalembedwe pansi kuthandiza alendo.

Chotsala ndicho kuweruza ntchito, ndipo apa m'pamene ambiri amafooka, chifukwa atatopa amafuna kuomberedwa m'manja basi. Ine ndiona mabwalo atatu. Loyamba ndi la ophunzira eni ake, atakhala ndi pepala la mabokosi lija m'manja, akufananiza chimene analonjeza ndi chimene chatuluka, nafunsana kuti chinasintha n'chiyani, ndipo chinasintha chifukwa cha nzeru yatsopano kapena chifukwa cha ulesi. Lachiwiri ndi kuonetsa kanemayo mawu atazimitsidwa, kwa anthu amene sakuidziwa nkhani; ndipo popeza ku Bandawe kuli sukulu ya ana osamva, amene maso awo anazolowera kuwerenga nkhope ndi manja mwaluso loposa lathu, gulu limene lingapemphe mwaulemu kuti iwo akhale oweruza lidzamva zoona zimene wina aliyense sangalipatse. Funso lisakhale lakuti "Kodi mwaukonda?", pakuti mwa ulemu wathu aliyense adzavomera; likhale lakuti "Tatiuzani chimene chachitika," ndi "Ndi pati pamene munasokonezeka?"

Bwalo lachitatu ndi la mudzi: makolo, a mfumu, ndi asodzi aja anafunsidwa poyamba. Mwina mkulu wina adzapukusa mutu nati, "Ana inu, mwachita bwino, koma bwato silikwera funde chammbali chotero, mukadamira nonse." Ophunzira asakwiye nawo mawu otere, ndipo aphunzitsi asawateteze, alembedwe m'kope, pakuti munthu amene wakonza kayendedwe ka bwato ladongo walitenga ngati bwato lenileni, ndipo ulemu woposa umenewo sadzaulandira kwina.

Popereka malikisi, mphunzitsi asayang'ane kusalala kwa kanema kokha, chifukwa kusalalako nthawi zambiri kumachokera ku mtengo wa foni. Ayang'ane ngati nkhani yamveka, ngati gulu linasunga masiku amene linadziikira, ngati aliyense anagwira gawo lake, ndiponso ngati wophunzira angathe kulemba tsamba limodzi lolongosola chimene akadachita mosiyana akadayambiranso. Kanemayo asanatumizidwe pa WhatsApp kapena pa Facebook, makolo a ana amene mawu ndi maina awo ali m'menemo ayambe avomera. Pomaliza akopedwe malo awiri, pa memori khadi ndi pa kompyuta ya sukulu ngati ilipo, ndipo pepala la mabokosi, kope la mlembi ndi zidole zimene zapulumuka ziikidwe m'kabati ya aphunzitsi aakulu, kuti kalasi ya chaka chamawa, isanasankhe nkhani yake, iyambe yawerenga pamene akulu awo anapunthwa.