Makiyi Awiri Otsekera Uthenga wa pa Foni ndi pa Intaneti: Zomwe Alimi, Asodzi ndi Amalonda Ayenera Kudziwa

Unduna wa Zofalitsa Nkhani ukudziwitsa alimi, asodzi, amalonda ndi anthu onse za momwe uthenga wotumizidwa pa foni ndi pa intaneti umatetezedwera, komanso pomwe chitetezocho chimathera. M'dera la Mfumu Maganga m'boma la Salima, malonda ambiri a usipa, utaka ndi chambo masiku ano amakambidwa pa foni. Wogula ali ku Lilongwe, wogulitsa ali pa doko ku Senga Bay, ndipo mitengo, manambala a akaunti ndi zithunzi za ziphaso zimadutsa m'makina a makampani osiyanasiyana zisanafike kwa mwini wake. Nkoyenera tsono kuti anthu adziwe chimene chimaletsa munthu wapanjira kuwerenga zimenezi.

Vuto lakale la kiyi mmodzi

Kuyambira kale anthu akhala akubisa uthenga posokoneza zilembo zake motsatira lamulo lomwe wotumiza ndi wolandira agwirizana. Lamulo limeneli ndi lomwe limatchedwa kiyi. Chovuta chinali chakuti kiyi wotsekera anali yemweyo wotsegulira, kotero kuti anthu awiriwo ankayenera kukumana kaye, kapena kutuma munthu wodalirika kuti akapereke kiyiyo. Kiyi akabedwa panjira, chinsinsi chonse chinkaululika.

M'chaka cha 1976, akatswiri awiri a ku America, Whitfield Diffie ndi Martin Hellman, anafalitsa njira yoti anthu omwe sanakumanepo athe kutumizirana zachinsinsi. Chaka chotsatira, mu 1977, Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT anakonza njira ya RSA, yomwe dzina lake ndi zilembo zoyamba za mayina awo. Njirayi ikugwirabe ntchito mpaka lero.

Kiyi wapoyera ndi kiyi wachinsinsi

M'njira imeneyi, foni kapena kompyuta imapanga makiyi awiri nthawi imodzi. Woyamba ndi kiyi wapoyera, amene angaperekedwe kwa aliyense popanda mantha. Wachiwiri ndi kiyi wachinsinsi, amene satuluka m'foni ya mwini wake. Chimene chatsekedwa ndi kiyi wapoyera chimatseguka ndi kiyi wachinsinsi yekha.

Fanizo lake ndi la wamalonda wa ku Lilongwe amene wagawira asodzi a ku Senga Bay maloko ambiri otsegula, koma kiyi wa malokowo wasunga yekha m'thumba. Msodzi aliyense angathe kuika kalata m'bokosi, nkukhoma loko, nkukweza bokosilo minibasi. Dalaivala, kondakitala ndi apaulendo angalinyamule, koma sangalitsegule. Ngakhale msodzi amene wakhoma lokoyo sangalitsegulenso. Loko wotsegula ndiye kiyi wapoyera, ndipo kiyi wa m'thumba ndiye kiyi wachinsinsi.

Momwe makiyiwo amapangidwira

Mphamvu ya RSA yagona pa masamu osavuta kuchita koma ovuta kubweza. Kompyuta imasankha manambala awiri osagawika, kutanthauza manambala omwe amagawika ndi 1 komanso ndi iwo eni basi, nkuwachulukitsa. Chitsanzo chaching'ono ndi ichi. Manambala osankhidwa ndi 3 ndi 11, ndipo kuwachulukitsa kumapereka 33. Kenako pa nambala iliyonse pamachotsedwa 1, ndipo 2 kuchulukitsa ndi 10 ndi 20. Tsopano pamafunika manambala ena awiri omwe akachulukitsidwa nkugawidwa ndi 20, yotsala ikhale 1. Manambala 3 ndi 7 akukwanira, popeza 21 kugawa ndi 20 yotsala ndi 1. Kiyi wapoyera akhala 33 ndi 3, pomwe 7 ndiye wachinsinsi.

M'kompyuta chilembo chilichonse chimaimiridwa ndi nambala. Ngati uthenga uli 4, wotumiza amachulukitsa 4 katatu, 4 x 4 x 4, zomwe ndi 64. Akagawa 64 ndi 33, yotsala ndi 31, ndipo 31 ndi yomwe imayenda panjira. Wolandira amachulukitsa 31 kasanu ndi kawiri, nkugawa yankho lake ndi 33, ndipo yotsala imabwerera pa 4, uthenga weniweni uja.

Mwana wa sukulu angatulukire msanga kuti 33 wachokera pa 3 ndi 11, nkupeza kiyi wachinsinsi. Koma makiyi a RSA ofala masiku ano ali ndi nambala yotalika malo 617, ndipo palibe kompyuta yodziwika yomwe yakwanitsa kuphwanya nambala yotere. Palinso njira zina zatsopano za masamu zomwe zimagwiritsa ntchito makiyi aafupi, koma mfundo yake ndi yomweyi. Kawirikawiri makiyi awiriwa amathandiza mafoni kugwirizana kiyi wina wakanthawi, amene amatseka uthenga wonse mwachangu.

Komwe anthu amakumana nazo

Palibe amene ayenera kuchita masamuwa pamanja, pakuti foni imachita yokha. Kuchokera mu Epulo 2016, mauthenga a pa WhatsApp amatsekedwa pa foni ya wotumiza nkukatseguka pa foni ya wolandira. Masamba a pa intaneti omwe adiresi yake imayamba ndi https, monga a mabanki, amagwiritsanso ntchito makiyi otere. Uthenga wamba wa SMS ulibe chitetezo cha mtundu umenewu, choncho si bwino kulembamo manambala achinsinsi.

Makiyiwa amagwiranso ntchito yosaina. Chikalata chikasainidwa ndi kiyi wachinsinsi, aliyense angatsimikize ndi kiyi wapoyera kuti chachokeradi kwa mwini kiyiyo, ndiponso kuti palibe chilembo chomwe chasinthidwa. Lamulo la Malawi la 2016 loona za ntchito zochitika pa makina ndi chitetezo cha pa intaneti limavomereza siginecha za pa kompyuta, ndipo bungwe la MACRA ndi lomwe lili ndi udindo woyang'anira ntchitozi.

Pomwe chitetezo chimathera

Anthu achinyengo salimbana ndi masamu, chifukwa amadziwa kuti sangapambane. Amalimbana ndi mwini foni. Loko amateteza bokosi panjira, koma sanena ngati munthu amene wapereka lokoyo ndi woona. Wamalonda akalandira uthenga kuchokera pa nambala yachilendo wonena kuti wogula wake wasintha nambala ndipo ndalama zitumizidwe kwina, uthengawo ungakhale wotsekedwa bwino lomwe koma wochokera kwa mbava. Momwemonso, foni yosakhoma ikasiyidwa pa malo otchajira kapena ikabwerekedwa, aliyense woitenga amawerenga zonse, popeza kiyi wachinsinsi ali momwemo.

Pa chifukwa chimenechi, Unduna ukulangiza anthu kutsatira izi:

1. Kukhoma foni ndi nambala yachinsinsi yovuta kuganizira, osati chaka chobadwira kapena 1234.

2. Kusauza munthu aliyense PIN ya Airtel Money, TNM Mpamba kapena ya ku banki, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa ku kampani, ku banki kapena ku boma.

3. Kusatumizira wina nambala ya malo 6 yomwe WhatsApp imatumiza polembetsa akaunti. Amene walandira nambalayi angalande akaunti nkuyamba kupempha ndalama m'dzina la mwini wake.

4. Kuimbira wogula kapena wogulitsa pa nambala yake yakale, nkumva mawu ake, ndalama zisanatumizidwe ku nambala yatsopano.

5. Kufananiza nambala yachitetezo ya malo 60 ya pa WhatsApp pamene anthu ochita malonda aakulu akumana maso ndi maso. Ikafanana pa mafoni onse awiri, ndiye kuti palibe amene walowerera pakati.

6. Kufufuta zonse za m'foni isanagulitsidwe, ndi kutseketsa simu khadi msanga foni ikatayika kapena ikabedwa.

Aliyense amene waberedwa kapena amene akukayikira uthenga womwe walandira akupemphedwa kudziwitsa kampani yake ya foni kapena banki yake nthawi yomweyo, ndi kukanena ku polisi yomwe ali nayo pafupi. Mafumu, makomiti a m'madoko, magulu a alimi ndi atsogoleri a m'misika akupemphedwanso kufalitsa uthengawu pa misonkhano yawo, kuti ndalama zomwe anthu amazipeza movutikira pa nyanja ndi m'minda zifike kwa eni ake.